Lamulo Losafunsa Kawiri

"Ababa, kompyuta yanu ikalakwitsa, amakalipira ndani?"

Anafunsa choncho mwana wake wamkazi chaka chatha, atatsamira tebulo, maso ali pa sikirini yakuda yopanda chithunzi ngakhale chimodzi. Bamboyo anangoseka, n'kumuuza kuti kompyuta siilakwitsa, imachita zomwe yauzidwa.

Anali wolemba mapulogalamu pa kampani ina yaing'ono. Pamalo pomwe ankachita lendi ankamutchula kuti Akiyi, ndipo ena ankamubweretsera maloko owonongeka. Koma makiyi ake sanali achitsulo. Anali manambala ataliatali achinsinsi omwe sukulu imasainira masatifiketi a m'foni, kuti wolemba ntchito akaunika adziwe kuti ndi enieni. Chida chomwe anapanga chinalibe mabatani okongola. Kalaliki ankangolemba lamulo pa mzere umodzi, panga, saina kapena thetsa, n'kudina, basi.

Poyamba lamulo la thetsa linkayamba lafunsa ngati munthu akutsimikizadi. Abwana anadandaula kuti chidacho chikufunsa mafunso ngati apongozi, makasitomala atopa nacho. Iye sanalimbane nawo. Anachotsa funsolo tsiku lina masana, tiyi m'kapu asanazizire. Sanaganizire kuti lamulolo likalembedwa popanda nambala ya munthu, limatenga kalasi yonse ya chaka chomwe kalaliki wasankha. Ndipo chothetsedwa sichinkabwezeka. Zimenezo anazikonza dala, kuti wina asamadzutse satifiketi yabodza mwachinyengo, ndipo ankazinyadira.

Kusukulu ina ya anamwino, kalaliki anatumidwa kuthetsa satifiketi ya munthu mmodzi wa kalasi yakale amene anapezeka kuti anabera mayeso. Foni inalira, chala chinadina nambala asanailembe. Masatifiketi 214 anafera pomwepo.

Kuofesi abwana anaitanitsa msonkhano, chitseko chotseka. Anati wolakwa ndi kalaliki, popeza buku la malangizo limanena za nambala patsamba 40, ndipo wina akatulutsa mawu kunja, atengeretu jekete lake, ntchito yamuthera. Akiyi anatuluka limodzi ndi anzake. Atabwerera patebulo lake anatsegula mndandanda wa maina aja, ndipo chapakatikati anapeza dzina lomwe amaliona pa makalata obwera pageti la kwawo.

Anali Anesi, mayi wamasiye wa ana atatu, wa nyumba yogundana khoma ndi yake. Kuchipatala anali atawaimitsa kale ntchito. Komiti ya chipatalacho inali yoti ikumane Lolemba, ndipo aliyense wolephera kufotokoza chomwe satifiketi yake inathetsedwera achotsedwe. Sukulu inati kusainanso kudikira khonsolo yake, patatha miyezi itatu.

Masiku anayi Akiyi ankatulukira kuseri. Wotunga madzi anali mkazi wake, amene anamufunsa chomwe akuyendera chonyang'ama ngati waba nkhuku ya eni. Loweruka m'mawa mkaziyo anakana kunyamula ndowa, ndipo iye anapita yekha kumpope. Anapeza Anesi akuchapa yunifolomu yoyera yomwe sanaivale sabata yonse.

"Akiyi, mwasowa. Kapena mwadzitsekera nokha m'nyumba?"

Anayesa kuseka, osatheka. Anesi anayamba kufotokoza, manja ali m'thovu. Anati makina ounika satifiketi pageti la chipatala ataonetsa zofiira, mlonda yemwe iwo anamumangapo bala anayang'ana kumbali powabweza. Anati anzawo a zaka zisanu ndi zinayi ayamba kunong'ona za satifiketi yogula. Za kalaliki uja anamva kuti anachotsedwa, ndipo sankadziwa ngati amutukwane kapena amumvere chisoni.

Ndowa inadzaza, madzi n'kuyamba kusefukira pasimenti. Akiyi anatseka mpope.

"Anesi, chida chimenecho ndinapanga ndine."

Anafotokoza zonse mwapang'onopang'ono, osabisala kumbuyo kwa abwana: funso lomwe linalipo, tsiku lomwe analichotsa, ndi chifukwa chake iye mwini sangathe kubweza kanthu. Anesi anapitiriza kufinya yunifolomu ija mpaka inasiya kudontha.

"Funso limodzi lokhalo?"

"Limodzi."

"Munalichotseranji, bambo?"

"Ankati likuchedwetsa."

Mayiwo ananena, osakweza mawu, kuti kuwodi munthu asanabaye jakisoni woopsa amaitana mnzake kuti awerengenso botolo, ngakhale mzere wa odwala utafika pakhomo. Anangofunsa ngati pali chomwe angachite, kupatula kuima pamenepo ndi nkhope ya pamaliro.

Chinalipo. Chidacho chinkasunga mbiri ya lamulo lililonse, ndipo mbiriyo inkaonetsa kuti masatifiketi onsewo anathetsedwa pa sekondi imodzi, ndi mzere umodzi wopanda nambala. Pepala lokha komiti ikanalikayikira. Pankafunika munthu wolimasulira, wotchula dzina lake ndi la kampani yake. Akiyi anawauzanso zomwe abwana ananena za jekete.

Anesi sanamutonthoze. Anayang'ana kukhonde kwa Akiyi, komwe mwana wake wamkazi uja ankapukuta nsapato za kusukulu, n'kuyang'ananso kwawo. Anati zokhululuka asazifunse lero, chifukwa mumtima mulibe malo, ndipo sakudziwa ngati komiti idzamva n'komwe. Akiyi anavomera kuti nayenso sakudziwa.

Anesi anayanika yunifolomu pachingwe, n'kuipana ndi mapegi awiri.

"Pano sindiuza munthu, ngakhale ana anga, mpaka mutakanena ndi pakamwa panu. Koma Lolemba ndikagogoda pakhoma, musatulukire kuseri."

"Nditulukira kumaso, mayi," anatero Akiyi. "Pepala lili m'manja, ndipo tikalowa limodzi."