Dzanja la Mayi pa Mkuwa

Mvula yozizira inkawaza ku Hyattsville, ku Amereka, cha m'ma 3 koloko masana pamene Gracian anayala pepala lonyowa pamwamba pa mkuwa wopaka inki. Bambo ake, a Ferdinand, anaima pakhomo la chipinda chodindira zithunzi cha pakoleji, akadali mu yunifolomu ya kunyumba yosamalira okalamba.

Ntchitoyi inamudyera nyengo yonse yachisanu. Anapaka phula pa mkuwa, n'kujambulapo ndi singano, kenaka anaumiza mu asidi kuti adye mizereyo. Aphunzitsi ake ankati umu ndi mmene zojambula za akatswiri akale a ku Italy zinafikira m'maiko akutali: mkuwa umodzi, mapepala ambirimbiri. Gracian anafuna kuti nkhope ya malemu mayi ake, a Lenifa, ifike choncho kwa abale ku Zomba. Bambo ake ankanyamuka m'mawa mwake kukavundukula chiliza, ndipo pempho lawo linali limodzi: anthu akawaone mayiwo ali bwinobwino, sitiroko isanawaumitse dzanja lamanja.

Gracian anatengera chithunzi chakale cha mayi akupereka kapu ya tiyi kwa mlendo, mzere ndi mzere, monga chinalili.

"Pukusa tione, iwe," anatero a Ferdinand. "Basi siyindidikira."

"Chabwino, adadi."

Anapukusa gudumu la makina odindira, nasenda pepala mosamala. Nkhope inatuluka yeniyeni, mpaka kachipsera ka pachibwano. Kenaka anaona kapu.

Pepala limatembenuza zonse za pa mkuwa ngati kalilole. Ankadziwa zimenezi kuyambira chaka choyamba, koma chisoni chinamuiwalitsa kujambula chotembenuza. Mayi ankapereka tiyi ndi dzanja lamanzere, monga ankachitira atadwala, pamene ankapepesa mlendo aliyense mwamanyazi kuti, "Mundikhululukire dzanjali."

"Gracian, ukufuna azilamu anga akaone chiyani? Kuti Amereka anawalemaza mpaka pachithunzi?"

"Ndi makina, adadi. Amatembenuza."

"Ndiye atembenuzenso."

"Sizingatheke. Asidi anadya kale. Ndiyenera kuyamba mkuwa wina, ndipo sungathe lero."

A Ferdinand anatenga pepalalo, naligwira moyang'anitsa kuwindo, kumbuyo kwake kuli kwa iwo. Kuwala kofooka kunadutsa, ndipo kapu inabwerera kudzanja lamanja, mwachimbuuzi. Anayang'ana nthawi yaitali.



Analibweza pepalalo patebulo mofatsa, chafufumimba. Anamanga zipi ya jekete, natuluka kulowa mumvula.