Chala cha a Daka

Georgina Miti ankajambula mavidiyo pa kakampani ka Collins ku Ndola. Masiku ambiri inkakhala ntchito ya maukwati ndi maliro, koma ya ku Garneton, ku Kitwe, inali ina. Mayi wina wa ku Nkana East, dzina lake Norah, ankafuna kuti bambo ake, a Ignatius Daka, ajambulidwe akufotokoza za moyo wawo wa mumgodi ku Mindolo, kuti zidzukulu zidzawamve okha. Chifuwa chinali chitawagwira zolimba, ndipo Norah sanabise mantha ake oti mwina mvula ikubwerayi sadzaiona.

Loweruka m'mawa Georgina ndi Collins anawapeza atakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, atavala suti yakuda ndi tayi. Akazi awo, amayi Gladness, anali atawadzoza mafuta mpaka chipumi kunyezimira. Kamera itayamba, munthu amene ankati sangayankhule nthawi yaitali anamasuka. Anasimba za ulendo wawo wochokera ku Katete ali mnyamata, za mimba yotsalira kumwamba kheji yowanyamula ikamatsikira pansi pa mgodi, za kutentha kochititsa munthu kukhuthula thukuta m'majombo. Anatchula mayina a anzawo amene sanatulukenso. Kenako, popanda wowapempha, anaimba nyimbo imene gulu lawo linkaimba poweruka, yosakaniza Chibemba ndi Chinyanja. Collins, mahedifoni ali m'makutu, anapukuta m'maso.

Atamaliza, a Daka anafuna kudziona. Georgina anawatembenuzira kagalasi ka kamera, iwo n'kukagogoda ndi chala akuseka. "Nkhalamba iyi ndine?"

Masana Georgina anakakhala m'galimoto, laputopu pamiyendo, kuti asamutse zojambulazo kuchoka pa memori khadi. Magetsi ku Garneton anali atazima chiyambire m'mawa, ndipo batire la laputopu linali litatsala pang'ono. Lamulo la Collins ankalidziwa bwino: kopera, tsegula fayilo iliyonse uione ikusewera, ndiye ufufute khadi. Kamzere kosonyeza kukopera kali m'njira, foni inalira. Anali mng'ono wake Joy, akulira kuti mwamuna wake wamutayira zovala panja. Georgina anatuluka m'galimoto n'kumayenda uku ndi uku, akumutonthoza.

Pobwerera anapeza laputopu itazima. Collins anali akukuwa kale kuti dzuwa likupendeka, apite ku Mindolo akajambule nsanja za mgodi, ndipo khadi ina anali ataiiwala ku Ndola. Georgina anakumbukira kuti pochoka paja kamzere kanali pafupi kufika kumapeto. Anadziuza kuti zatheka. Analowetsa khadi mu kamera n'kuifufuta, ndipo pofika madzulo inali itadzaza ndi nsanja, misewu ndi milu ya miyala.

Lamlungu m'mawa ku ofesi, laputopu itayaka, mufoda munali fayilo imodzi yokha yosewera: a Daka akukonza tayi, kudikira kuuzidwa kuti ayambe. Ina inkakana kutseguka. Zotsalazo kunalibe. Georgina anayesa pulogalamu yobwezera zofufutidwa, koma inkangotulutsa nsanja zomwe zija.

"Chachitika n'chiyani?" anafunsa Collins, ataima kumbuyo kwake.

"Khadi yafa, ba Collins. Makhadi a masiku anowa."

Mawuwo anatuluka okha, asanawaganizire. Collins anatukwana khadiyo, n'kuiponya m'dirowa, n'kuimbira Norah. Georgina anamumva akupepesa mobwerezabwereza, mawu a Norah akutulukira mufoni ngati mavu. Georgina sanadye tsiku limenelo.

Lachitatu anabwerera ku Garneton. A Daka anali atavalanso suti ija, koma inkaoneka ngati yobwereka. Ankapuma mokoka. Georgina atawerama kuti awamangirire kamaikolofoni pa jekete, iwo anamugwira dzanja.

"Mwana wanga, undikhululukire. Ndine ndinaononga. Chala changachi."

"Ndinawauza ine," anatero amayi Gladness ali pakhomo. "Zinthu za eni sagwiragwira. Chimvereni kwa Norah, kudya akana, tulo akana."

Georgina anatsegula pakamwa, n'kuona Collins akuimika kamera chapafupi, n'kutsekanso. "Musadandaule, atate," anatero chapansipansi, n'kumaliza kumangirira kamaikolofoni.

Anayamba kujambula. A Daka anapsinja manja pansi pa ntchafu ngati mwana wodzudzulidwa. Nkhani ya ku Katete anaidutsa mwachidule. Pa mayina a anzawo anakakamira pa dzina lachitatu, n'kuyang'ana akazi awo kuti awakumbutse, koma iwo sanalidziwe. Collins anawapempha mwaulemu kuti ayesenso nyimbo ija. Anakweza mutu, mzere woyamba unatuluka, chifuwa n'kuwadula. Anatsokomola mpaka misozi, ndipo atapeza mpweya anati, "Pepani, ndikukutayitsaninso nthawi."

Georgina anazimitsa kamera. Anagwada pafumbi patsogolo pa a Daka.

"Atate, simunaononge kanthu. Kagalasi kaja ngakhale mutakagogoda tsiku lonse sikafufuta chinthu. Ndine ndinafufuta. Sindinaonetsetse ngati zalowa mu laputopu. Khadi inali bwinobwino, ndinawanamiza ba Collins."

Nkhuku ina inadutsa pakati pa miyendo ya kamera.

"Ndiye si chala changa?" anafunsa a Daka.

"Ayi, atate."

Anatulutsa dzanja pansi pa ntchafu n'kuliyang'ana. "Kutaya chinthu, aliyense amataya. Ife tinkataya zazikulu kuposa izi. Koma unandimva ndikupepesa, iwe n'kumandimangirira kachinthu aka pachifuwa."

Anakamasula okha, zala zikuvutika ndi kapini, n'kukaika pa mpando. "A Gladness, ndigwireni, ndikagone."

Amayi Gladness anawalowetsa m'nyumba osacheuka. Georgina anatsala atagwada mpaka Collins anamuuza kuti anyamule zingwe.

Collins anayendetsa galimoto mpaka anatuluka mu Kitwe. Pa msewu wa ku Ndola anaimika pambali n'kupatsa Georgina foni yake. "Ba Norah uwauze wekha."

Norah anamvetsera mpaka kumapeto osamudula. "Mukudziwa kuti inenso ndinawakalipira atate chifukwa cha chala chimenecho?" anatero. Kenako anadula foni.

Collins sanamuchotse ntchito, koma kwa milungu ingapo ankamuyankhula za ntchito zokha. Joy anabwerera kwa mwamuna wake, akuseka ngati sikunachitike kanthu, ndipo Georgina sanamuuze chimene foni ija inabala. Mlandu sunali wa Joy.

Mwezi usanathe, Norah anaimba kuti bambo ake avomera kuyesanso, koma Collins apite yekha. Anapita, n'kubwera ndi khadi, n'kuiika pa tebulo la Georgina. "Vidiyoyi uilumikize ndiwe."

Georgina anakopera pa laputopu ndi pa hadi dilaivi yosungirako zojambula, n'kutsegula mafayilo onse. A Daka anali pabedi, atatsamira mapilo, atavala juzi. Mawu anali ochepa koma nkhani inayenda, ndipo dzina lachitatu lija analikumbukira: Gershom. Nyimbo sanaimbe. Chakumapeto kwa fayilo yomaliza, Collins akuwamasula kamaikolofoni kamera isanazime, a Daka anamveka akufunsa.

"Mtsikana uja simunamuthamangitse ntchito, eti?"

"Ayi, atate, alipo."

"Chabwino, musamuthamangitse." Anapuma kwa kanthawi. "Koma kuno asabwere."