Batire la Pansanja

Khonsolo italonjeza kufikitsa intaneti yopanda mawaya m'dera lonse, mayi wina wosoka zovala anangoseka. Foni kumeneko inkagwira pokhapokha munthu akakwera pachulu. Koma nsanja inaimadi kuseri kwa msika, ya sola ndi batire lake, ndipo mwana wake wamkazi ankawerengera pomwepo mpaka anaitanidwa ku mayeso apakamwa a sukulu ya unamwino, oyankhira pafoni akuonana ndi omufunsa.

Mayeso akuyandikira, intaneti inazima. Chodabwitsa, kanema wa kunyumba kwa wosokayo anayamba kumayaka ngakhale magetsi athime. Pansi pa tebulo panali chibatire, ndipo mwamuna wake ankayenda monyang'wa ngati wapha njovu. Mayiyo zinamunyansa. Bambo wandevu zake, kukwera nsanja ya anthu chifukwa cha mpira!

"Mlamu, mukufuna kumangitsa bambo a ana anu?" anatero mchemwali wa mwamunayo atamva dandaulo lake. "Za boma zilibe mwini izi. Mawa abweretsa lina. Inu ingolibisani."

Mayiyo anatengadi nsalu yotsala, nasokera batirelo chovundikira.

Mphunzitsi wa mwana uja atabwera kudzatenga thalauza lake, anayankhula mosabisa. "Mayi, khonsolo yati ilibe batire lina chaka chino. Nsanjayi ndi yathu, si ya aja amakhala mu ofesi. Ngati mukudziwa amene anatenga, muuzeni abweze, apo ayi kauzeni komiti yoyang'anira nsanja. Mwana wanu yemwe akuidalira."

Wosokayo anadula ulusi ndi mano. Mumtima ankati pachulu paja foni igwira.

Tsiku la mayeso mtsikanayo anavala diresi yatsopano, nakwera pachulu, foni ili m'mwamba. Nkhope za omufunsa zinaoneka pafonipo, zinaima osasuntha, kenako zinasowa. Anayesanso mpaka dzuwa kumuwotcha, koma osaphula kanthu. Malo ake anapatsidwa wina.

Pobwerera anapeza bambo ake ndi anzawo akukuwira chigoli, makoko a mtedza ali mbwee pansi. Mayi ake anamutsatira kuchipinda, akutukwana amuna akuba opanda manyazi, oti ngakhale kuwaphikira n'kutaya nkhuni.

Mtsikanayo anavula nsapato mwakachetechete. "Amayi, abambo anaba, inde. Koma chovundikira chija ndachiona. Kasokedwe kake ndi kamodzimodzi ndi ka diresi yangayi."

Kunyansidwa kumene mayiyo ankamva poona mwamuna wake tsopano ankakumva podziona iye mwini. M'mawa mwake anasenza batirelo pamutu, losavundikira, nadutsa nalo pakati pa msika kupita ku komiti. Intaneti inabwerera, ana a eni ake nayamba kuwerenganso. Wake anali kunyumba, akuchapa diresi ija.

Phunziro: Katundu wa boma ndi wathu tonse. Kubisa wakuba chifukwa ndi wa m'nyumba mwanu n'kuba naye limodzi, ndipo woberedwayo akhoza kukhala mwana wanu yemwe.