Fupa, Mbale ndi Mpeni m'Kalasi ya Madamu

Achimwene anga ankatha kugawa ng'ombe yathunthu osaphethira n'komwe, koma Madamu akangolowa m'butchala mwathu, lilime linkawathawa. Munthu wamkulu ndithu, wandevu zake, ankangoti kakasi kuseri kwa sikelo n'kufunsa funso limodzi lomwelo: "Yamafupa kapena yopanda mafupa?" Madamu akayankha n'kunyamuka, iwo ankatsala akupukuta kauntala yoyera kale. Ine ndimakulunga nyama pomwepo, ndiye zonsezi ndinkaziona ndi maso angawa, ndipo zinkandikwana.

Chimwalirireni alamu anga, achimwene anali asanacheukirepo mkazi wina. Ndiye kunabwera Madamu amenewa, mphunzitsi wa Chingerezi, osakwatiwa, oseka ndi thupi lonse.

"Achimwene, ingowauzani," ndinatero tsiku lina. "Kapena mukudikira kuti ng'ombe ili m'firijiyo ikakufunsirireni?"

"Iwe, kulunga nyama," anatero, makutu ali psuu.

Sabata yotsatira anabwera ndi nzeru zawo. Anamva kuti Madamu amaphunzitsa akuluakulu Chingerezi Loweruka masana, ndiye anakalembetsa. Anandilembetsanso ine osandifunsa.

"Ine Chingerezi ndichite nacho chiyani?"

"Ukakhale mboni yoti ndapitira maphunziro."

Kalasi yake inali ya ana aang'ono. Madesiki anali otifika m'mawondo, moti achimwene akaimirira, desiki inkanyamuka n'kumayenda nawo. Tinalimo anthu osakwana khumi. Amene ndinazolowerana nawo anali a telala, okonda kuyankha asanafunsidwe, ndi a mlonda a pagolosale, amene ankatiuza nthawi zonse kuti iwo chibadwire saopa kanthu.

Masabata oyamba anali ozizira. Zinatentha tsiku limene Madamu analemba pabolodi mawu atatu: cat, hat, mat.

"Tamverani kumapeto kwake," anatero, akugogoda bolodi ndi choko. "Mawu amenewa ndi mapasa. Kulira kwawo n'kumodzi, koma aliyense ali ndi moyo wakewake. Uyu ndi mphaka, uyu chipewa, uyu mphasa. Pezani mapasa ena."

Abale inu, matenda amenewo anatigwira tonse, koma achimwene anawalowa mpaka m'mafupa. Lolemba lake m'butchala simunkamvekanso china. Akakweza mpeni ankakuwa kuti, "Goat!" Khaa! "Coat!" Khaa! "Boat!" Khaa! Nyama inkadulidwa motsata mapasa. Akasowa mawu achitatu, mpeni unkaima m'malere, kasitomala n'kumadikira, mpaka ine n'kuwaponyera ena.

"Fish!" ndinkatero.

"Dish!" Khaa!

Tinkaseka mpaka kugwira kauntala. Agogo ena amene anabwera kudzagula chiwindi anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti ndiwatengere achimwene kuchipatala zinthu zisanafike poipa. Kunyumba nako ndinapita nazo. Ndinaikira amuna anga mpunga patebulo n'kunena kuti, "Rice, nice," ndipo iwo anandigwira pachipumi kuona ngati ndikutentha.

Loweruka lotsatira achimwene anaimirira m'kalasi, desiki ili m'chiuno, n'kuyamba kuwomba: "Pig, big, dig, wig, fig!" A telala anawomba m'manja. Madamu anangopinda manja pachifuwa.

"Mwakhoza, bambo. Nanga wig n'chiyani?"

Achimwene anakanda m'mutu.

"Fig?"

"Ndi mphwake wa pig," anatero achimwene ndi mawu otsika.

Madamu anaseka mpaka choko chinagwa. Atapukuta misozi anati, "Mawu amene simudziwa tanthauzo lake si anu, mwangowabwereka. Ndiye tichite chonchi. Loweruka lomaliza aliyense abwere ndi mizere yake yothera m'mapasa. Mawu aliwonse akumapeto mutisonyeze chinthu chake, tichione ndi maso. Mukati cat, mphaka abwere."

Tonse tinaseka. Kenako anawonjezera, akufufuta bolodi, ngati nkhani yopanda pake: "Mwinanso tidzakhala tikutsanzikana. Sukulu ina yakutali ikundifuna, ndipo kuno palibe chondigwira mwendo."

Ndinayang'ana achimwene. Nkhope inali itagwa. Ndinawamvera chisoni, komanso ndinkafuna kuwatsina, chifukwa munthu anali atadya miyezi yonseyi akufunsa za mafupa.

Sabata imeneyo m'butchala munalibe zokuwa. Ankadula nyama akung'ung'udza, milomo ikuyenda, mpeni ukugwa pang'onopang'ono. Lachitatu anandifunsa kuti, "Iwe, mapasa a bone ndi ati?"

"Phone. Stone."

"Foni ndi mwala. Ayi, zimenezo si zanga."

Anafunsa makasitomala onse ooneka ophunzira, mpaka namwino wina anawapatsa mawu amene anawakhazika mtima pansi. Ine sanandiuze. Ndinawanyengerera, ndinawaopseza kuti ndisiya ntchito, koma ankangoti, "Udzamva ndi anzako."

Tsiku lija linafika. Achimwene anavala jekete imene ndinaiona komaliza pamaliro a alamu, ndipo ananyamula chikwama chachikulu chimene chinkalira ngwengwengwe akamayenda. M'kalasi munali ngati pamsika. Wina anabwera ndi belu, wina chidebe, wina nsapato imodzi.

A telala anayamba. Anatisonyeza jekete imene anasoka okha ndi boti lapepala: coat, boat. Anawerama kulandira m'manja tisanayambe n'komwe kuwomba. Ine ndinatulutsa sopo ndi chingwe, soap, rope, ndipo Madamu anati ndakhoza ngakhale mizere yanga inalibe mutu. A mlonda anabwera ndi cholembera m'thumba la malaya ndi thadzi lamoyo m'khwapa: pen, hen. Atamaliza analimasula miyendo n'kuliika padesiki kuti nalo limvere nawo. Linakhala phee, likutiyang'ana mmodzimmodzi ngati woyang'anira mayeso.

"Bambo a kubutchala," anaitana Madamu.

Achimwene anadzizula m'desiki n'kupita kutsogolo. Thukuta linali kamukamu. Anaika chikwama patebulo la Madamu, anakhosomola, n'kuyamba ndi mawu amene amaitanira makasitomala:

"All day I cut the meat and bone."

Anapisa dzanja m'chikwama n'kutulutsa fupa la mwendo wa ng'ombe, loyera, lotsukidwa bwino, lalitali ngati mkono wanga. Analikweza m'mwamba. "Bone. Fupa. Tsiku lonse ndimadula nyama ndi mafupa."

Kalasi yonse inafa nalo phwete. A telala anakuwa kuti, "Limenelo mutigawire msuzi!" Madamu anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka.

"At home I eat my food alone."

Apa anatulutsa mbale imodzi yachitsulo ndi supuni imodzi. Anakoka kampando ka ana, anakhala potipatsa msana, n'kuyamba kudya chakudya chosaoneka. Ankatapa, n'kutafuna, n'kuyang'ana khoma. Poyamba tinaseka, chifukwa kampando kanali kakulira pansi pawo. Koma iwo sanafulumire. Anapitiriza kutapa, supuni ikugunda m'mbale yopanda kanthu, ndipo kuseka kunazima kokha.

"Alone," anatero osatembenuka. "Ndekha."

 Ine madzulo alionse ndinkatseka butchala n'kuthamangira kwa amuna anga ndi ana, osaganizapo kuti mbale ya achimwene imalira chonchi. Zinandiwawa, ndipo sindibisa.

Anaimirira, anapuma mwamphamvu, mawu n'kubwerera mwakale.

"I have a shop, I have a knife!"

Munthu wina aliyense akanabwera ndi kampeni kosendera mbatata. Koma kwa achimwene mpeni ndi umodzi basi, uja wogawira ng'ombe. Anausolola m'nyuzipepala, waa, n'kuukweza pamwamba pa mutu monga amachitira pachipika, ukung'anima ndi dzuwa la pawindo.

Loyamba kuzindikira linali thadzi. Linakuwa, linauluka, n'kukatera pamutu pa a telala. A telala anagwa chagada pamodzi ndi desiki, belu la mnzathu uja n'kugubuduka likulira. Chidebe chinapita uko, nsapato uko. A mlonda, amene chibadwire saopa kanthu, tinangoona miyendo yawo ikumalizika kutuluka pawindo. Amayi awiri anapanikizana pakhomo, aliyense akuitana Mulungu wake. Nthenga zinali ponseponse.

"Knife!" ankakuwa achimwene pakati pa chipwirikiticho, akuugwedeza kuti tiuone bwino. "Mpeni! Musathawe, ndikungofotokoza tanthauzo!"

Ine ndinali pansi, osati chifukwa cha mantha. Nthiti zinali zitandikana ndi kuseka. Ndinkafuna kuwauza kuti autsitse, koma ndikatsegula pakamwa pankangotuluka kulira kwa chitseko chadzimbiri.

Madamu okha ndiwo sanasunthe. Anali atatsamira bolodi, misozi ikuyenderera, msana wonse uli choko chokhachokha.

"Bambo," anatero atapeza mpweya, "tauona. Uikeni pansi."

Anauika patebulo, pafupi ndi fupa ndi mbale. Anthu anayamba kubwerera mmodzimmodzi. Mutu wa a mlonda unatulukira pawindo n'kunena kuti iwo anapita kukaona ngati kunja kuli bwino. Thadzi linabisala kuseri kwa kabati.

"Mizere ndi itatu," anatero Madamu. "Knife alibe mnzake. Malizani."

Mawu oitanira makasitomala aja anathawa. Achimwene anayang'ana nsapato zawo, anayang'ana ine. Ndinawatuzulira maso kuti akapanda kunena ndiwagenda ndi sopo. Kenako anayang'ana Madamu, koyamba chiyambireni, m'maso mwenimweni.

"But, Madam, I do not have a wife."



"Wife n'chiyani?" anafunsa Madamu pang'onopang'ono.

"Mkazi wapanyumba."

"Tinagwirizana kuti chinthu chizioneka. Chili kuti?"

Achimwene anatenga chikwama chija, anachizondotsa, n'kuchikutumula. Munagwa kachidutswa ka nyuzipepala basi.

"Ndilibe, Madamu. Ndinafufuza mawu ena oti ndibwere nacho chinthu chake, koma oona ndi amenewa." Anaika chikwamacho pansi. "Munati kuno palibe chokugwirani mwendo. Ine kugwira mwendo ndimadziwa wa ng'ombe wokha. Koma musapite."

A telala anatsegula pakamwa kuti ayankhe, ine n'kuwaponda phazi.

Madamu anasiya kuseka. Anabwera patebulo, anakankhira fupa kumbali, anasuntha mpeni ndi chala chimodzi, n'kunyamula mbale ija. Anaitembenuza, anaona pamene inaphwanyika m'mphepete, anaipukuta ndi chikhatho ngakhale inalibe fumbi. Mtima wanga unkagunda ngati ndine ndafunsira.

"Miyezi yonseyi," anatero, "ine kudya nyama sabata iliyonse, dokotala atandiletsa, inu n'kumangondifunsa za mafupa."

Achimwene anagwira ndevu, ndipo Madamu anakweza mbale ija.

"Kwanuko mbale ndi imodzi yomweyi?"

"Ilipo ina, Madamu. Ili pamwamba pa kabati. Yatenga nthawi osatsika."

Madamu anawabwezera mbale ija m'manja, ndi manja awiri.

"Mukaitsitse," anatero. "Mukaitsuke."