Theka la Benchi Yanga

Sabata yatha mpongozi wanga Nasibeko anandipempha theka la benchi yanga kumsika kuti azigulitsapo tomato. Sindinamuyankhe. Ndiye dzulo ndinalota zinthu zoti mpaka pano mtima ukundiwawa.

Ndinalota ndili pabenchipo ndi timilu tanga ta nkhwani, iye ali pambali panga. Koma mbali yakeyo inkangotalika, mpaka inakafika kwa ogulitsa nsomba. Panali bowa wa m'dzinja atagundana ndi masawu a nthawi yozizira, ngumbi zonona, mango akucha mpaka kudontha, nyemba zamitundu yoti sindinaionepo. Fungo la nanazi linkandilowa mpaka m'mano. Ndikawaza madzi pamasamba anga, madziwo ankayenderera kukanyowetsa ake, anga n'kumafota ndikuona.

Kenako anabwera Mayi Phiri aphunzitsi, amene akhala akugula kwa ine kuyambira ali mtsikana. Anandidutsa ngati chitsa.

"Amayi, musadzivutitse, ndiwapatsa ndine," anatero Nasibeko akumwetulira, atavala chitenje changa chatsopano. Anawaikira basera wodzaza manja awiri. Ndinafuna kuitana, koma m'kamwa munali mutadzaza mchenga.

Kodi n'chenjezo, kapena ndi mtima wanga womwewu? Mwanayo sanandilakwirepo, koma munthu waulemu kwambiri ndi amene ndimamuyang'anitsitsa.

M'mawa uno anabwera n'kugwada pakhomo. "Amayi, ndikusenzereni dengu?"

"Lisiyeni, mayi, ndisenza ndekha," ndinatero.

Khosi likundipweteka mpaka tsopano, koma pabenchi ndinakhalapo ndekha.