Magalasi Amene Bambo Sanavale

Mlongo wake wa Mzime anakhuthulira patebulo zonse zimene zinali m'thumba la kuchipatala: wotchi, makiyi a galaja, magolovesi odula zala, chipewa cha panjinga chong'aluka pachipumi, ndi magalasi akuda bii, mbali imodzi itasweka. Ananyamula magalasiwo ndi zala ziwiri ngati wanyamula khoswe wakufa, n'kuwalozetsa kwa Mzime.

"Ndi amenewa unawasankhira bambo?"

Mzime, amene aliyense ankamutchula choncho chifukwa ndiye anatsiriza kubadwa m'nyumbamo, anali atagwira ntchito yoyeza maso ndi kudula magalasi zaka khumi ndi chimodzi. Sanafunike n'kuwagwira komwe.

"Amenewo si anga, achimwene."

"Si ako bwanji? Anawavula pankhope pawo ndi amenewa."

Bambo awo anali atagona m'manda masiku awiri. Anamwalira Loweruka m'mawa akutsetsereka panjinga m'kanjira ka m'nkhalango ya kuphiri, kumene ankapalasa ndi anzawo mlungu uliwonse. Tayala lakutsogolo linawomba muzu, iwo n'kukamenyetsa mutu pamwala. Wapolisi amene anabweretsa uthenga anasiya mawu amodzi amene sanatulukenso m'nyumbamo. Anati mwina mdalayo sanauone muzuwo, poti anavala magalasi akuda pamthunzi.

"Amene ndinawasankhira ine ndi oyera," anatero Mzime. "Amada okha akafika padzuwa, n'kuyeranso akalowa pamthunzi. Sasweka ngakhale muwaponde. Awa ndi a pamsika, ongovalira kutchena."

"Usandiphunzitse sukulu pamaliro. Munthu ali ndi mwana wamagalasi angakatole magalasi pamsika? Unalakwitsa, unawapatsa a pamsewu m'malo mwa a kuphiri. Ungovomera."

Mlongo wakeyo ankabwera kudzaona makolo kamodzi pachaka, ndipo anthu otere ndi amene amadziwa zambiri pamaliro. Zonena zake Mzime akanazimeza. Chimene chinkamudya moyo chinali pampando wa pawindo, pamene mayi awo ankapinda malaya a malemu n'kumawapindanso. Chiyambire Loweruka lija sanamuyankhulepo ngakhale liwu limodzi. Akawapatsa madzi ankalandira maso ali kumbali. Mkazi wa mlongo wake akafunsa kanthu ankayankha, mwana wawo wamwamuna akatsokomola ankacheuka, koma Mzime ankamulambalala ngati mpando woikidwa panjira.

"Amayi, inunso mukukhulupirira zimenezi?"

Mayiwo anawongola kolala ya shati n'kuiika pamwamba pa zinzake.

Mzime anatuluka n'kukalowa m'galaja. Anagubuduza mabokosi a machubu akale, anatsegula madilowa a masipanala, anapisa m'matumba a majekete onse opachikidwa pamisomali. Kabokosi ka magalasi anakapeza pamwamba pa pampu, koma munali kansalu kopukutira kokha. Atakamuonetsa mlongo wake, iye anangokweza mapewa.

"Kabokosi kopanda kanthu ndiye mboni yako?"

Kunena zoona, amene anamupsetsa mtima kwambiri sanali amoyowa. Anali bambo ake. Masana atatu athunthu anataya nawo kushopu posankha magalasi amenewo. Awa ankawomba chipewa akaweramitsa mutu. Awa ankatsetsereka pamphuno akatuluka thukuta. Awa ankachita nthunzi pokwera chitunda. Awa anali aang'ono, mphepo ndi tizilombo tikanalowera m'mbali. Mdalayo ankangoseka, kumati kale ankapalasa maso ali pamtunda ndipo palibe ntchentche inawadandaulira. Mzime anawakhazika pansi ngati mwana wasukulu mpaka anapeza oyenera, a timikono tofiira, okumbatira nkhope bwinobwino. Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse m'mawa ankadutsa pashopupo, kuliza belu, n'kugogoda magalasiwo ndi chala kuti mwana wawo aone kuti amvera. Ngakhale Loweruka lomalizalo anadutsa. Anawaona ndi maso ake, timikono tofiira tili m'makutu. Nanga pakati pa shopu ndi phiri panachitika chiyani?

Lachinayi anapita kuntchito koma manja anakana. Mayi wina atamufunsa kuti asankhe ati pakati pa magalasi awiri, Mzime anangoti kakasi, mpaka mnzake wa pakauntala anamulandira. Lachisanu sanapiteko n'komwe.

Loweruka m'mawa anayendetsa galimoto mpaka pamalo omwetsera mafuta a kumapeto kwa tauni, pamene opalasa njinga ankakumana asanakwere phiri. Analipo asanu ndi awiri, ataimika njinga m'mbali mwa khoma, akuyankhula motsitsa. Atamuzindikira anavula zipewa. Mzime sanayankhe moni wa aliyense. Maso ake anali atagwera kale pa bambo wina wamtali, wowonda, wa manja a zipsera za moto, amene anaima kumapeto. Timikono tofiira tinali m'makutu mwake.

Anapita molunjika n'kuima pamaso pake.

"Vulani magalasi a bambo anga."

Bamboyo anavula mosanyinyirika. Diso lake lamanzere linali loyera mbuu, lakufa. Lamanja linali lofiira ngati la munthu amene wakhala masiku osagona.

"Munawavula ali gone pansi? Munthu akufa, inu mukutola katundu?"

"Ayi, mayi. Anandipatsa okha."

"Mukunama. Tsiku lomwelo ndinawaona atavala."

"Munawaonadi. Tinkasinthana pompano."

Anzake anayamba kusuntha pang'onopang'ono, wina kumakapopa tayala lomwe linali lolimba kale. Bamboyo anafotokoza maso ali pansi. Ntchito yake inali yowotcherera zitsulo, ndipo diso linalo linapita ndi kachitsulo zaka zambiri zapitazo. Miyezi isanu yapitayo, ali m'nkhalango muja, nthambi inamukwapula kumaso n'kung'amba magalasi ake a pamsika pafupi ndi diso lotsalalo. Mlungu wotsatira anabwera ndi ena, akuda omwewo. Mdala atawaona anamuitanira pambali.

"Anati, 'Akudawa ndi a pamsewu, dzuwa likamawomba pa tala. M'nkhalango amabisa mizu ndi maenje, ndipo akasweka amalasa. Anandiuza mwana wanga, ndiye katswiri wa zimenezi.' Kenako anavula awo. Anati, 'Iwe uli ndi diso limodzi, ine ndili nawo awiri. Bweretsa akudawo.' Tikatsika phiri ankawatenganso, kuti Loweruka adzadutse nawo pashopu panu."

Nthawi yonseyi Mzime ankati bambo ake ndi nkhutukumve, kuti mawu ake ankalowera khutu ili n'kutulukira linalo. Chikhala choncho bwenzi zili bwinoko. Munthuyo anamva zonse, anasunga liwu lililonse, n'kukaphunzitsa ena, kenako n'kuvala mdima kumaso kwake akudziwa.

"Inu munavomera? Munthu wa imvi azitsetsereka phiri osaona, inu mukuona?"

"Ndinakana, mayi. Kangapo konse. Ankati njirayo amaidziwa ngati khonde la kwawo."

"Bwanji osandiuza? Ndikanapeza ena tsiku lomwelo."

Wowotchererayo anayang'ana magalasi ali m'manja mwake.

"Ndinawauza kuti akuuzeni. Anati mukangodziwa muwakalipira, mwina n'kuwalanda ndi njinga yomwe."

Zimenezi zinamulasa Mzime chifukwa zinali zoona. Akanawakalipiradi, ndipo njingayo akanaitsekera kushopu.

"Maliro onse aja munali kuti?"

"Ndinalipo, kumbuyo. Magalasiwa anali m'thumba. Ndinkati ndibwere nawo kunyumba, miyendo n'kumakana. Lero ndavala chifukwa anandilumbiritsa kuti ndisadzakwerenso njinga diso lili poyera."

"Kwerani galimoto. Zimene mwandiuzazi mukazinene pamaso pa amayi anga."

Ananyamuka. Bamboyo anakhala chowongoka, magalasi atawafumbata pamiyendo.

Anapeza mlongo wake pabwalo, akumangirira njinga ya malemu kumbuyo kwa galimoto yake, tayala lopindika lili m'mwamba. Mayi awo anali pakhonde. Mzime sanadikire kuti mlendo apatsidwe mpando. Anatenga magalasi m'manja mwake n'kuwaika pakatebulo ka pakhonde.

"Amene ndinasankha ine ndi awa. Bambo, nenani."

Wowotchererayo ananena zonse monga ananenera poyamba, osachotsa kanthu, osadzikometsera. Mlongo wa Mzime anasiya chingwe n'kuyandikira, mitsempha ya m'khosi itatuluka.

"Ndiye amene munapha bambo ndinu."

"Achimwene."

"Khala chete iwe. Munthu wamkulu ngati inu, kumadyera nkhalamba masuku pamutu miyezi isanu? Diso lanu linali lofunika kuposa moyo wa bambo anga? Ndikukutengerani kupolisi lero lomwe."

Mzime ankayembekeza kuti mtima wake ukhala pansi mlandu ukamuchoka. Sizinatero. Anaona chala chomwe chija chimene chinamuloza iye mlungu wathunthu chikuloza munthu wina, ndipo munthuyo anangoweramitsa mutu ngati akuvomera kuti n'zomuyenera.

"Mlungu wonse mwandisenzetsa imfa ya bambo," anatero. "Simunati n'komwe pepa, mwapeza kale wina womusenzetsa. Kupolisiko mukanena kuti chiyani? Kuti anaba chinthu chimene bambo anachita kumukakamiza kutenga?"

"Ukumuikira kumbuyo?"

"Sindikuikira kumbuyo aliyense. Ndakwiya ndi iwowa, ndakwiya ndi inu, ndakwiya ndi ine ndemwe. Koma amene ndikufuna kumukalipira weniweni munamukwirira Lolemba."

Mayi awo anadzuka pampando. Anatenga magalasi aja, n'kuwatembenuza uku ndi uku, kuyang'ana timikono tofiira ndi pamene panayamba kufufuma ndi thukuta.

"Zaka makumi anayi," anatero, mawu akutuluka mouma. "Jekete yomwe ndinawagulira chisanu chitavuta, inakathera kwa mlonda wa kuntchito. Makwerero athu ali kwa aneba mpaka lero. Ambulera sindikudziwa kuti ndinagula angati. Ndinkawauza kuti inu, tsiku lina mudzapereka chinthu chimene sitidzachipezanso. Ankangoseka."

Anayang'ananso magalasi aja.

"Chitsiru cha munthu," anatero motsitsa, ndipo palibe anafunsa kuti akunena ndani.

Kenako anatambasula dzanja kwa wowotcherera uja.

"Valani, bambo."

"Mayi, sindingathe."

"Mukawasiya pano ndiye kuti amuna anga anafera chabe. Ndati valani."

Bamboyo anavala. Mlongo wa Mzime anatukwana chapansipansi n'kubwerera ku chingwe chake. Mayiwo anamuyang'anitsitsa mlendoyo kumaso, n'kupendeketsa mutu. Atatero anacheuka, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire Loweruka lija anamuyang'ana mwana wawo wamkazi m'maso.

"Mzime, mwanangu, taona akhalira mbali imodzi. Tawakonzera, ndiwe ukudziwa."

Mzime anayandikira. Anapisa m'chikwama n'kutulutsa kapulayala kake ka kuntchito, kamene sankasiyana nako. Anamukhazika bamboyo pampando, n'kumugwira chibwano monga ankachitira ndi aliyense wobwera kushopu. Magalasiwo analidi opendekeka. Kumanzere anasiya mpata woti chala n'kulowa, koma kumanja anakanirira patsaya ndi pachikope, osasiya polowera ngakhale udzudzu. Anawavula kuti awongole kamkono kakumanjako, ndipo pamenepo anaona timano ta pulayala yaikulu ya m'galaja titadinda pa pulasitiki, katatu, pamene munthu wosadziwa ntchitoyo anapinda, n'kuyesa, n'kupindanso.

"Sanapindike okha," anatero wowotchererayo. "Anachita dala. Ankati fumbi lisamalowe mbali ya diso lamoyoli."

Mzime anayang'ana timano tija kwa kanthawi. Anapukuta magalasiwo ndi nsonga ya bulauzi yake, n'kumuvekanso bamboyo mmene analili, opendekeka choncho. Kapulayala kaja anakabwezera m'chikwama.