Mchere wa m'Epuloni

"Mcherewo ayi!" anakuwa azakhali, n'kugwira Telala dzanja pamwamba pa poto. "Waiwala kuti mlongo wako adya nawo?"

Telala anabweza supuni mwakachetechete, koma mumtima munkatentha. Amayi anali ataikidwa dzana, koma malamulo awo anali akadali moyo m'khitchinimo.

Zinayamba Telala ali kamtsikana. Tsiku lina amayi, ali ndi pakati, anabwera kuchokera kusikelo maso ali psuu. Makina ounikira m'mimba anaonetsa kuti njira ya mkodzo ya mwanayo inali yotsekeka, ndipo impso zake zinali zitatupa. Mwana asanabadwe n'komwe anali atalanda kale nyumba yonse! Atabadwa, zonse zinali iye: opaleshoni, mankhwala, botolo la madzi limene linamupatsa dzina loti Kabotolo, ndi ndiwo zopanda mchere kwa aliyense. Telala ankamuchitira nsanje mlongo wakeyo, nsanje yeniyeni, ndipo atakula anasamukira kutali n'kumabwera mwa apo ndi apo.

"Paja impso zake zatheratu," azakhali anatsitsa mawu. "Adokotala akuti pakufunika wachibale womupatsa imodzi. Watsala ndiwe, mwanawe."

"Ehee, ndimadikira zomwezo," anaseka Telala mowawidwa. "Ndiye chake amayi ankandimwetsa madzi ngati ng'ombe? Ankandisunga ngati tayala la sipeya eti?"

"Achemwali."

Kabotolo anali ataima pakhomo, mapazi otupa atathina m'masilipasi.

"Azakhali, mwalakwitsa," anatero. "Adokotala atatchula za achemwali, amayi anaimirira n'kumenya tebulo. Anati, 'Ameneyo musamukhudze, mpeni walowa kale mokwanira m'nyumba mwanga.' Anandilumbiritsa kuti ndisadzawapemphe, ndipo sindipempha."

"Usandinamize iwe. Mwana wawo unali iweyo."

"Ine? Ine ndinali ntchito yawo. Mumayesa sindinkaona? Tikamadya, ankapisa m'thumba la epuloni n'kukupanirani kamchere m'manja pansi pa tebulo, kenaka n'kukutsinzinirani diso. Ine sananditsinzinirepo. Akandiyang'ana ankangofuna kuona ngati nkhope yatupa. Ndinkakuchitirani nsanje mpaka kulira m'bafa."

Za kamchereko Telala ankazikumbukira, koma zaka zonsezi ankati kanali kongomutseka pakamwa kuti asamadandaule.

"Ndi zakale zimenezo," anang'ung'udza.

Anatembenuka kuti apukute manja, ndipo chimene anagwira kuseri kwa chitseko chinali epuloni ya amayi, ija ya maluwa ofwifwa, ili pamsomali wake. M'thumba munali kanthu kolimba. Anapisamo n'kutulutsa kapepala kopotokola bwinobwino. Pepalalo linali latsopano, mcherewo wouma.

"Ankasintha sabata ndi sabata," anatero Kabotolo. "Ankati mwina mutulukira osanena."

Azakhali anayamba kutsuka kapu yotsuka kale.

Telala anakhala pampando, kapepala kali m'manja, misozi ikugwera pa siketi. Kenaka anadzipukuta ndi epuloni ija n'kuivala.

"Kuchipatalako amayeza magazi tsiku liti?"

"Achemwali, ndinalumbira."

"Unalumbira kuti sudzapempha. Wandipempha ngati? Khala pansi, miyendoyo ingaphulike."

Telala anapakula mbale ziwiri za ndiwo zopanda mchere. Kenaka anatsina kamchere pang'ono, n'kuwaza m'mbale ya iye mwini, n'kumutsinzinira diso mlongo wake.